Nyali ya Gologolo Inkayaka Masana Okha

Inu amene mwafika poganiza kuti zanu zinatha, khalani kaye pansi mumve za munthu wina amene ine ndimamuvulira chipewa.

Tsiku limene mkulu wake anabwera kudzanena zomutenga, Gologolo anali atakhala panjerwa kuseri kwa nyumba, akulimbana ndi batani la malaya. Dzanja lake lamanja linkanjenjemera, batani n'kumapulumuka. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, batani limodzi linamutulutsa thukuta. Atamva kuti kutsogolo kwaima galimoto, anangophimba pachifuwa ndi dzanja lamanzere n'kupita kukalonjera mlendo.

Dzina loti Gologolo sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anzake a ntchito yamagetsi chifukwa cha kakweredwe kake. Ena akamafunafuna poyedzeka makwerero, iye ankakhala ali kale padenga, waya ali kukamwa, akufunsa kuti pulayala ili ndi ndani. Nyumba zambiri za m'tauniyo mawaya ake anayala ndi iyeyo. Anthu akamuchenjeza, ankangoseka n'kunena kuti wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima.

Tsiku lina mpheziyo inamuonetsa kuti ilibe chibale. Ankaika nyali ya panja panyumba ina yosanja, nyali zija zokhala ndi sensa, kachipangizo kamene kamaona munthu akamadutsa n'kuyatsa babu kokha. Magetsi anali atazimitsa pa swichi yaikulu. Munthu wina wa m'nyumbamo, posadziwa kuti kunja kuli mmisiri, anaona kuti firiji yazima n'kukakweza swichi ija. Magetsi anamugwira Gologolo dzanja, kenako anamutaya pansi kuchokera pamwamba pa makwerero.

Anatuluka m'chipatala wamoyo, koma ndi mwendo wotsimphina, dzanja lonjenjemera ndi mantha amene adokotala analibe mankhwala ake. Soketi ya pakhoma ankailambalala ngati pagona galu wolusa. Ntchito inatha, banja n'kusamukira kumapeto kwa tauni, kumene mapolo a magetsi anali asanafike. Anthu ankati asamukira kumeneko pothawa lendi. Zinali zoona, komabe iye mumtima anapuma poona kuti kulibe waya wodutsa pamutu pake.

Mkulu wake uja anali mlimi wa mbuzi kutali ndi tauni, munthu wosadziwa kuzungulira polankhula. Tsiku limenelo anayang'ana malaya osamanga batani aja, anayang'ana dzanja, n'kupukusa mutu. Ananena kuti sangapirire kuona mng'ono wake akuwolera panjerwa. Kufamu kunali chipinda, chakudya ndi mbuzi zofuna woziyang'anira.

“Mng'ono wanga, magetsi anakukana. Mwezi uno ukatha ndibwera ndi lole, umangiretu katundu wako.”

Gologolo anavomera ndi mutu. Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo lake. Mkazi wake ankagwira ntchito yochapa pachipatala, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkawadyetsa, moti sakanaisiya. Mwana wawo wamkazi anali pasukulu. Kupita kufamu kunali kupita yekha, banja n'kukhala pawiri. Mkaziyo sanatsutse alamu ake pamaso. Anawathirira tiyi, anawaperekeza mpaka pagalimoto, koma pobwerera chitseko chinamva kuti mayi wakwiya.

Patangopita masiku ochepa kunabwera mayi wina wa kumapeto kwa msewu, woweta nkhuku zamazira, atanyamula katoni. Usiku nkhuku zake zinkasowa. Zina ankagwira ndi vumbwe, zina ankagwira ndi vumbwe wa miyendo iwiri wovala nsapato. Mwana wake wa kutauni anamutumizira nyali ya panja yokhala ndi sensa, osakumbukira kuti kwa mayi ake kulibe magetsi a papolo. Mayiyo anali ndi sola padenga ndi batire m'nyumba basi. Anamva kuti pamsewupo pali mmisiri wamagetsi, ndiye anati mwina angaichite kanthu.

Gologolo anatsegula katoni ija. Inali nyali ya mtundu womwe uja, mpaka mtundu wa pulasitiki. Anaikankhira kutali n'kunena kuti pepani amayi, ntchito imeneyo ndinasiya. Mkazi wake ndiye analandira katoniyo, n'kuuza mayiyo kuti aisiye, abambo aiona akapeza mpata. Mpata umene bamboyo anali nawo unali wa tsiku lonse, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo.

Nyali ija mkaziyo anaiika patebulo lodyera, pafupi ndi botolo la mchere. Mwamuna akaisunthira kukona, m'mawa ankaipeza yabwerera pamchere. Tsiku lina analephera kupirira n'kufunsa ngati m'nyumbamo munalibe malo ena.

“Bambo a mwana, chinthuchi chilibe mano, ndipo sichinalumikizidwe kulikonse,” anatero mkaziyo uku akumanga mpango kuti azipita kuntchito. “Ngati mukuopa ndi chozima chomwe, kufamuko mukathawanso mbuzi.”

Mawuwo anamupweteka, ndipo analinga kupweteka. Atatsala yekha, anakoka bokosi la zida kunsi kwa bedi. Anaipana nyali ija ndi maondo, dzanja lamanzere n'kugwira lamanja pamkono kuti lisavine. Sikulu imene kale akanaimasula akucheza inamutengera nthawi yoti madzi n'kuwira. Komabe inamasuka, zinzake n'kutsatira.

M'katimo munali kabolodi kobiriwira kodzaza tizipangizo. Apa muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Nyali zoterezi Gologolo anali ataika zosawerengeka, koma anali asanatsegulepo ngakhale imodzi. Mmisiri woyala mawaya amalumikiza nsonga zitatu, amamanga pakhoma, n'kumapita. Za m'kati ndi za anthu ena.

Munthu wina ameneyo anali mnzake wakale, wokonza mawailesi kumsika. Gologolo anatsimphina mpaka kumeneko, koma anaima pakhomo, chifukwa m'kashopumo mawaya ankalendewera paliponse. Mnzakeyo anamuseka kuti gologolo wamasiku ano akuopa mtengo, koma sanamukakamize kulowa. Anatulutsa mpando panja, anavala magalasi ake omangidwa ndi ulusi, n'kuyamba kutsatira tinjira ta pabolodi ndi nsonga ya sikuludiraiva.

Analoza kachipangizo konenepa pafupi ndi polowera mawaya, kamene amati kapasita. Ananena kuti ameneyo ndiye mlonda wa pageti. Ntchito yake ndi kutsamwitsa magetsi aakulu kuti m'kati mungolowa tochepa.

“Magetsi amene anakugwetsawo amathera pakhomo, mnzanga. M'katimu muli ana okhaokha, amadya pang'ono. Chotsa mlondayu, uwapatse chakudya cha batire.”

Gologolo anabwerera kunyumba mawu amenewo akulira m'mutu. Ankadziwa kuyambira kale kuti batire la mavolti 12 silipha munthu woligwira. Koma kudziwa kuli m'mutu, pomwe mantha ake anali m'dzanja. Anapita kwa mayi wa nkhuku n'kupempha kuti aone batire lawo. Anagwada patsogolo pake nthawi yaitali, thukuta likutsika m'khosi, mpaka mayiyo anafunsa ngati akupemphera. Kenako anaika chala chimodzi pamutu wofiira, china pamutu wakuda. Palibe chinachitika. Anakhala atagwira choncho, akuseka yekha, misozi ikutuluka, mayiyo n'kunamizira kuti akukatola mazira.

Ntchito yeniyeni inayamba mawa lake, ndipo musaganize kuti inali yokongola. Chowotcherera mtovu chamagetsi analibe pochilumikiza, choncho ankatenthetsa kachitsulo pamakala. Dzanja likanjenjemera, mtovu unkadontha polakwika n'kulumikiza tinjira tosayenera kukumana, iye n'kuyambanso kupala. Zala zinatuluka matuza. Kuti mawaya asathawe, anayamba kuwapana ndi mapegi oyanikira zovala, mpaka mkazi wake anadandaula kuti pachingwe patsala mapegi a masokosi okha. Anadandaula akumwetulira, poti inali nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala kumupeza mwamuna wake ataiwala kudya.

Mlonda wa pageti uja anachotsedwa. Kanjira kamene kankapititsa magetsi aakulu kubabu anakadula, n'kuikapo waya wochokera kubatire. Babu analowetsapo la mavolti 12. Zonse zitatha, anakaimanga nyaliyo pamtengo wa pakhomo la khola, pamalo oti afikire ataima pansi.

Anaiyesa masana dzuwa lili pamutu. Nyali zimenezi zili ndi kopotokola kokhala ndi chithunzi cha dzuwa mbali ina, cha mwezi mbali ina. Ukalozetsa kudzuwa, nyali imagwira ntchito ngakhale kukuwala, ndipo amisiri onse amayesa choncho kuti asadikire mdima. Gologolo anapotokola, anabwerera m'mbuyo, kenako n'kudutsa. M'kati munamveka kuti tha, babu n'kuyaka.

Mayi wa nkhuku analulutira. Oyandikana nawo anabwera, aliyense n'kumadutsa mwa mayendedwe ake kuti aone ngati imudziwa. Gologolo anabwezera kopotokola kaja kumwezi n'kupita kunyumba mwendo wotsimphina uja ukuoneka ngati wapepuka. Mayiyo, pokhulupirira mmisiri, madzulo omwewo anabweza galu amene anabwereka kwa alamu ake, poti galuyo ankadya kuposa mmene ankauwira.

Kutacha, chitseko cha Gologolo chinagogodedwa mwa mtundu wosafunsa kuti mwadzuka bwanji. Akuba anali atabwera. Waya wa khola anadula, nkhuku zoikira bwino n'kupita. Mapazi awo ankaoneka pansi penipeni pa nyali ija, ndipo nyaliyo sinaphethire n'komwe. Mayiyo analankhula zonse zimene zinali kukhosi, msewu wonse ukumva, ndipo palibe amene akanamuletsa, chifukwa nkhuku zimenezo ndizo zinali munda wake.

Pofika masana nthabwala inali itabadwa kale. Ankati nyali ya Gologolo yatengera mwini wake, zinthu zikavuta imachita mantha. Anthu amene dzulo lake ankavina pansi pa nyaliyo ndi omwewo ankaseka kwambiri. Ine zimenezi zimandinyansa, koma ndi mmene anthufe tilili.

Gologolo anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati n'kuyamba kupindamo malaya. Manyazi anali atamufika m'mafupa. Mkazi wake atabwera kuntchito n'kuona chikwamacho, sanamunyengerere, ndipo sanamunamize kuti si kanthu.

“Nkhuku za mayi aja zapita, ndipo zapita chifukwa anakukhulupirirani. Kumbuziko pitani ngati mtima wanu watero. Koma musachoke musanadziwe chimene chinalakwika, chifukwa chikakutsatirani komweko.”

M'mawa mwake bambo uja anapita kwa mayi wa nkhuku, chipewa chili m'manja. Anapepesa osadzikometsera. Ananena kuti nkhuku sangathe kubweza, koma waya wa khola asoka yekha, ndipo azibwera m'mawa uliwonse kudzasesa zitosi. Anangopempha chinthu chimodzi, choti nyaliyo isachotsedwe pamtengo. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kungomupatsa tsache. Galu uja anakamubwerekanso tsiku lomwelo.

Tangoganizani. Munthu amene anayala mawaya m'nyumba zosanja, tsopano ali chowerama m'khola, akukokolola zitosi, odutsa akumupatsa moni wa chipongwe. Apa ndi pamene ine ndimamulemekezera kwambiri, kuposa pamene ankathamanga pamadenga.

Akamaliza kusesa ankayamba kufufuza. Poyamba anaganiza kuti vuto ndi kopotokola kaja, mwina mbali ya mwezi inafa. Anakasiya kumbali ya dzuwa usana ndi usiku, koma mayiyo anati kukada nyali siyaka ndithu. Anasintha babu. Anamanganso mawaya onse. Anapukuta diso la sensa ndi kansalu. Chilichonse akachita, ankayesa masana, nyali n'kuyaka bwinobwino ngati ikumuseka. Mwezi nawo unkapita, chikwama chili chomangamanga pakona.

Tsiku lina anaganiza zosiya kugwiragwira. Anati ngati chinthuchi chimafa pakati pa masana ndi madzulo, iye akhala pomwepo mpaka achione chikufa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatenga mita yake yoyezera magetsi, anailumikiza kumawaya ochokera kubatire, n'kukhala pachidebe pafupi ndi khola. Pakapita kanthawi ankadzuka, n'kutsimphina kudutsa pansi pa nyali, n'kubwerera pachidebe.

Dzuwa lili pamutu, mita inkaonetsa mavolti opitirira 14, chifukwa sola inali ikukankha mphamvu m'batire. Nyali inkalira kuti tha mwamphamvu. Dzuwa litapendeka, mthunzi wa mtengo unafika padenga, mita n'kutsikira ku 13. Kulira kuja kunayamba kufooka, nthawi zina nyali n'kuchita kuganiza kaye isanayake. Dzuwa litalowa, mayi wa nkhuku anayatsa mababu a m'nyumba ndi wailesi, mita n'kufika pa 12. Gologolo anadutsa, koma babu silinayake. Anaika khutu pabokosi la sensa n'kugwedeza dzanja patsogolo pake. M'kati munamveka kakugogoda kakang'ono, ka chinthu chimene chikuyesa koma mphamvu zikuchepa.

Pomwepo anadziwa. Sensa inkamuona bwinobwino. Chimene chinkalephera ndi rileyi, kabokosi kamene kamatseka njira kuti magetsi apite kubabu, kamene kamalira kuti tha kaja. Pambali pake panalembedwa 24, mavolti amene kamafuna. Nambala imeneyo anali ataiona tsiku loyamba lomwe, koma poti kanalira poyesa, anati basi zatheka. Kanali kopangidwira chakudya chambiri. Masana, batire litakhuta dzuwa, kankadzikoka movutikira mpaka kutseka. Madzulo kankangogogoda.

Kulakwitsa kumeneku ndi kwa mmisiri wa magetsi a papolo. Kwa iye, magetsi alipo kapena palibe, ndipo chimene chayaka masana chiyakanso usiku. Moyo wake wonse anali asanagwirepo ntchito ndi magetsi amene amatopa. Batire limadzuka ndi mphamvu zina, limagona ndi zina. Iye analiyesa litakhuta, pamene akuba amabwera lili ndi njala.

Anafika kunyumba akulankhula ngati wailesi. Mkazi wake za rileyi sanamvepo kanthu, koma anamvetsera mpaka kumapeto, kenako mwakachetechete anatulutsa malaya awiri m'chikwama chija n'kuwabwezera mukabati.

Musafulumire kuomba m'manja, chifukwa kudziwa matenda si kuchira. Kunkafunika rileyi ya mavolti 12. Amakanika a pagalaja anamupatsa ya hutala ya galimoto, iye n'kuilumikiza mosangalala. Koma imeneyo inali yadyera. Inakoka mphamvu yoposa imene kachipangizo koiyendetsa kakanatha kupereka, ndipo kabolodi kanatulutsa utsi.

Fungo la utsiwo linali lomwe lija la tsiku la ngozi. Gologolo anataya zonse n'kuthawira kuseri kwa nyumba, komwe anasanza mpaka m'mimba kuuma. Anakhala panjerwa paja. Panalibe womulimbikitsa, mkazi ali kuntchito, mwana kusukulu. Mtima utakhala pansi, anatsuka m'kamwa, analowanso m'nyumba, anatsegula windo kuti utsi utuluke, n'kuyamba kufufuza chimene chapsa.

Wokonza mawailesi uja anamupatsa kachipangizo kolowa m'malo mwa kopsako, n'kumulozera mulu wa zinthu zakufa umene unali kuseri kwa shopu. Anati ngati rileyi yaulemu ilipo padziko, ili m'menemo. Gologolo anafukula muluwo masiku angapo, fumbi lili m'mphuno, akutsegula chilichonse chokhala ndi sikulu. Anaipeza mu alamu yakufa ya galimoto, ija yolira kukabwera akuba, kakang'ono, kolembedwa 12, kosadya zambiri.

Ulendo uno sanaitane munthu. Masana sanayese n'komwe. Anayesa dzuwa litalowa, atapempha mayi wa nkhuku kuti ayatse chilichonse chimene ali nacho m'nyumba. Inayaka. Anabweranso m'mamawa kusanawale bwino, nthawi imene batire limakhala litagwira ntchito usiku wonse. Inayaka. Kunabwera tsiku la mitambo, sola osalawa dzuwa, iye n'kukondwera ngati walandira mlendo, chifukwa ndi tsiku lotero limene ankalifuna. Inayakanso. Ngakhale zinali choncho, anawauza mayiwo kuti galu asamubweze msanga.

Patangopita masiku, mayiyo anamva galu akuuwa, ndipo posuzumira pawindo anaona khola lili mbee, munthu akulumpha mpanda chothawa. Nsapato imodzi anaisiya pamatope. M'mawa mayiyo anaikoleka pamtengo wa pageti kuti mwini wake akaifuna adzaitenge masana. Nkhaniyo inayenda msewu wonse mofulumira kuposa nthabwala ija.

Mwezi unatha, ndipo mkulu wake anasunga mawu. Lole inaima pakhomo dzuwa litapendeka, itatsitsa mbuzi kumsika. Analowa m'nyumba n'kuyang'anayang'ana katundu womangidwa, koma sanaone kanthu. Mlamu wake anawalandira mwaulemu n'kuwauza kuti ang'ono awo ali kumapeto kwa msewu, kwa mayi wa nkhuku. Mkuluyo anang'ung'udza kuti iye alibe nthawi yosakasaka munthu wamkulu, komabe ananyamuka wapansi.

Anafika kukuyamba kuda. Atangolowa pageti, kuwala kunamumenya kumaso, iye n'kuima chilili, dzanja lili pachipumi. Pakhonde panali mng'ono wake, atapana bokosi la sensa ndi maondo, mapegi ali mbwee pambali. Panalinso anthu awiri a m'dera lomwelo, aliyense ndi katoni yake, akudikira. Mayi wa nkhuku sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse, za nkhuku zobedwa, za tsache, za nsapato, osabisa ngakhale mawu oipa amene iye mwini analankhula.

Mkuluyo anamvetsera. Maso ake anali padzanja la mng'ono wake, limene linkanjenjemera monga kale, sikuludiraiva ili m'menemo.

“Dzanjali lachira?”

“Ayi achimwene, silinachire.”

“Nanga zimenezi wapanga bwanji?”

“Ndi lomweli. Limangochedwa.”

Mkuluyo anatembenuka n'kutuluka pageti. Onse anaganiza kuti wakwiya. Koma anaima panja mpaka nyali inazima, kenako analowanso pang'onopang'ono, nyali n'kuyaka. Munthu wa imvi, wosaseka wamba, anabwerezanso kachitatu. Atabwera pakhonde anakhala pansi pafupi ndi mng'ono wake, ndipo anayamba kulankhula.

“Ine sindinkafuna m'busa, abusa ndili nawo. Tsiku lija nditakuona panjerwa, maso ako anali a munthu amene watsanzika kale. Ndinkaopa kuti alamu adzandiimbira foni ya maliro, ndiye ndinati bola uzikhala poti ndizikuona.”

Gologolo anangoika dzanja lonjenjemera lija pabondo la mkulu wake, mkuluyo n'kuliphimba ndi lake. Anthu a makatoni aja anayamba kuyang'ana nkhuku ngati sanazionepo.

M'mawa mwake lole inanyamuka yopanda katundu. Mkazi wa Gologolo anaima pakhomo mpaka inakhota. Mayi ameneyu sanalire kuchipatala, sanalire posamuka, sanalire tsiku la nkhuku. Tsiku limenelo analira mpaka kuchedwa kuntchito, mwamuna wake ataima pambali pake.

Lero Gologolo ali ndi kabenchi kake pansi pa khonde, ndipo anthu a kumadera opanda mapolo amamubweretsera nyali zawo kuti azisinthe zizidya batire. Amadya pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wake madzulo aliwonse. Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Padenga sanakwerenso, dzanja likunjenjemerabe, ndipo ntchito ya magetsi a papolo akaipeza amaipereka kwa anzake mosachita manyazi. Makasitomala ena amadandaula kuti amachedwa, chifukwa salola kupereka nyali imene sanaione ikuyaka batire litatopa.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munagwa pamalo pamene munkadziwika, ndipo mukudikira kuti muchire kaye, mantha athe kaye, ndiye mudzayambe. Mwina sizidzatha zonse. Bambo uyu sanadikire. Anayamba ndi mphamvu zochepa zimene zinatsala, analakwitsa pamaso pa anthu, anasesa zitosi, n'kukhala pachidebe mpaka anaona pamene panali vuto. Ngati mwayesa n'kulephera, musathamangire kumanga chikwama. Bwererani pomwe zinakanikirapo, mukhale pansi, muyang'anitsitse. Mtima wanu usagwe, abale anga. Gwirani ntchito ndi dzanja lomwe muli nalolo.